Kalata yotseguka kwa nduna za zachuma ndi akuluakulu a misonkho: tiyezeni ndi ndowa ya chimanga

Kwa Olemekezeka nduna za zachuma za Malawi ndi Zimbabwe, akuluakulu a mabungwe otolera misonkho m'maiko awiriwa, komanso anzanu a ku Mozambique amene dziko lawo timalidutsa pakati,

Zikomo akuluakulu, ndagwada. Landirani moni wochokera kuno ku Harare, kwa ife ana ndi zidzukulu za machona amene tili ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth, pamodzi ndi anzathu amene angofika kumene ndi kachikwama kamodzi kudzasaka ganyu. Tikukhulupirira kuti mwadzuka bwino ndi mabanja anu.

Ine ndine mayi wa geni. Ndimayenda pakati pa Harare ndi Blantyre ndi mpunga, nsawawa, usipa ndi zitenje, ndiponso ndine msungichuma wa kabungwe kathu ka maliro. Sukulu sindidapite nayo patali, koma buku la ndalama ndimalidziwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake walemba ndine. Kalatayi ndaiika poyera dala kuti anzanga a m'mabasi aiwerenge, atumizirane, ndipo pamene ndaphonya andikonze.

Msonkho sitikuukana ayi. Mankhwala a m'chipatala samera m'tchire, aphunzitsi sadya choko. Komatu ife msonkho timaudziwa kuyambira kale. Agogo anga aamuna adachoka ku Ntcheu wapansi, kuwoloka Zambezi, kudzalima fodya wa azungu kuno, chifukwa atsamunda ankafuna msonkho wa nyumba m'mashilingi pomwe kumudzi kunali chimanga ndi nkhuku basi. Udatibweretsa kuno ndi msonkho woikidwa ndi munthu amene sadasuzumire mumphika. Ndiye tikaona zofanana nazo zikuchitika pansi pa mbendera zathu zomwe, mtima sukhala m'malo.

Mabuku a kabungwe kathu ndimawasunga m'sutikesi kunsi kwa bedi. Adawayamba ndi malemu bambo anga. Tsamba lililonse lili ndi mizere inayi: chopereka cha mwezi, mtengo wa bokosi, galimoto yonyamula thupi, ufa ndi ndiwo za pasiwa. Masamba a 2006 mpaka 2009 ndi akuda bii ndi zofufuta. Mu Ogasiti 2006 boma la Zimbabwe lidachotsa maziro 3 pa ndalama yake, mu Ogasiti 2008 lidachotsa 10, mu Febuluwale 2009 lidachotsanso 12. Onse pamodzi maziro 25. Bambo ankati chopereka cholandira Lamlungu, pofika Lachitatu chinali chosagula ndi misomali yomwe ya bokosi. Patsamba lina adamatapo pepala lija la madola 100 thiriliyoni, osalemba kanthu kunsi kwake.

Dola ya America itayamba kugwira ntchito mu 2009 tidapumako, mpaka kuyamba kusunga kubanki ngati anthu. Mu Febuluwale 2019 lamulo lidati madola athu a kubanki aja asanduka ndalama yatsopano ya kuno yotchedwa RTGS, imodzi kwa imodzi. Papepala sitidataye kalikonse. Koma chaka chisanathe, ndalama zomwe tinkawerengera maliro angapo zidalephera kuika ngakhale amodzi, tidachita kuyenda khomo ndi khomo ndi mbale. Pa 5 Epulo 2024 kudabwera ndalama inanso yatsopano yotchedwa ZiG, dola imodzi ikusinthidwa ndi ZiG 13.56. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho tidadzuka n'kumva kuti dola yafika pa ZiG 24 ndi chenji. Buku la chaka chimenecho ndidalilemba kawiri.

Kumudzi nakonso sikudapume. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Akale adati mapanga awiri avumbwitsa. Ife tili ndi phazi limodzi kuno, lina kwathu, ndipo mvula yatipeza kuwiri konse.

Chimene mabukuwa andiphunzitsa n'chakuti nambala yolembedwa pa ndalama ndi dzina chabe, mphamvu yake imakaonekera kumsika. Munthu akandiuza malipiro ake sindifunsa kuti ndi madola angati. Ndimafunsa kuti akugula ndowa zingati za chimanga, malita angati a mafuta, atalipira nyumba watsala ndi chiyani. Mlamu wanga wa ku Ntcheu amati ife a ku Harare ndife olemera, chifukwa ndikatumiza madola 50 iye amalandira mpukutu wa makwacha wosakwana m'thumba la malaya. Sadziwa kuti kuno dola imodzi ndi buledi mmodzi, ndipo wogulitsa akasowa chenji amakupatsa maswiti kapena cholembera. Dola yomweyo ikafika pa msika wa Lizulu imadzaza jumbo ndi tomato, kabichi ndi mbatata. Koma mlamu yemweyo akafuna feteleza, malata kapena mankhwala, zonse zochokera kunja, mpukutu uja umasungunuka ngati mchere m'madzi. Aliyense amasirira mnzake, tonse tikulira.

Taonani chitsanzo ichi, cha chaka cha 2024. Ku Malawi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali K90,000 pamwezi, petulo ali pa K2,530 lita imodzi. Mukagawa malipirowo ndi masiku 26 ogwira ntchito, mupeza kuti thukuta la tsiku lonse linkagula lita imodzi ndi kachenji. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa anali R27.58 pa ola, ndipo ndalama imeneyo inkagula lita imodzi ya petulo, kachenji n'kutsalanso. Ola limodzi la ku Johannesburg, tsiku lathunthu la ku Blantyre. Mukamadabwa kuti mabasi odutsa muno usiku adzaziranji anyamata opita ku Joni, ena opanda ndi pasipoti yomwe, yankho lili pa lita imeneyi.

Izi akatswiri anu akuzidziwa kuposa ine. World Bank imatsogolera ntchito yosonkhanitsa mitengo ya zinthu m'maiko ambiri n'kuiyerekeza, kuti aone chimene ndalama ya dziko lililonse imagula kwawo komweko. Zotsatira za kafukufuku wa 2021 zidatuluka mu 2024, ndipo maofesi athu owerengera zinthu, ya ku Zomba ndi ya kuno ku Harare, amapereka nawo mitengo. Ndiye kuti manambala muli nawo m'madirowa. Chondidabwitsa n'chakuti poika msonkho manambala amenewo satuluka.

Dandaulo langa loyamba lili pa malipiro amene msonkho umayambira kudula. Mu 2024 wogwira ntchito ku Malawi ankasiyiridwa K150,000 pamwezi yosadulidwa, yomwe pa mtengo wa kubanki inali pafupifupi madola 85, ndipo kwa osintha ndalama a m'misewu inali yochepera apo kutalitali. Yopitirira pamenepo inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Kuno ku Zimbabwe ankasiyiridwa madola 100, yotsatira n'kudulidwa 20 peresenti, kuonjezapo 3 peresenti ya msonkhowo yopita ku thumba la Edzi. Ku Zambia ankasiyiridwa makwacha a kumeneko 5,100, pafupifupi madola 200. Ku Botswana mapula 48,000 pachaka, ndipo mpeni wake umayamba mofatsa, ndi 5 peresenti yokha. Ku South Africa R95,750 pachaka, kuposa madola 400 pamwezi, kudula n'kuyambira pa 18 peresenti.

Muone bwino pamenepa, mabwana. Dziko limene anthu ake amalandira zochepa kwambiri ndi lomwe mpeni umayamba msanga, ndiponso umayamba ndi nthuli yaikulu. Ndikudziwa yankho lanu, mudzati okhoma msonkho ndi ochepa ndiye boma limakama ng'ombe yomwe ili m'khola. Chabwino. Koma mitengo ku Malawi chaka chimenecho inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Mlonda kapena kalaliki akamuonjezera pang'ono kuti athamangitse mtengo wa ufa, amagwera mumsonkho wokulirapo pomwe mbale yake yachepa. Malire a msonkho amadikira tsiku la bajeti, mtengo wa ufa sudikira munthu. Kunonso madola 100 amamveka ambiri kwa mlamu wanga, koma lendi ya chipinda chimodzi ku Highfield imadya theka kapena kuposa, usanagule magetsi ndi madzi a pamjigo.

Lachiwiri ndi mawu aja amene timawamva pawailesi, akuti anthu a geni sakhoma msonkho. Amatipweteka mawu amenewa. Mu 2024 msonkho wa VAT unali 14 peresenti ku Botswana, 15 kuno ndi ku South Africa, 16 ku Zambia ndi ku Mozambique, 16.5 ku Malawi, 18 ku Tanzania. Msonkho umenewu sufunsa chiphaso. Mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika kapena pa Limbe amaukhoma akagula mayunitsi a foni, nsapato za mwana, malata a nyumba. Kampani yaikulu yolembetsedwa imabwezeredwa VAT yomwe yalipira pogula zipangizo, ife aang'ono timangoumeza. Pamwamba pake pali tikiti ya pamsika ya tsiku ndi tsiku. Moto utapsereza Mbare Musika mu Okutobala 2024, amayi amene ankalipira tikiti imeneyo m'mawa uliwonse adaima n'kumaonerera mpamba wawo ukusanduka phulusa. Munthu wotere musamamuuze kuti sathandiza boma.

Nanga msonkho wa potumiza ndalama? Mu Okutobala 2018 nduna ya zachuma ya kuno ku Zimbabwe, a Mthuli Ncube, adalengeza kuti pa dola iliyonse yoyenda pafoni kapena pabanki boma lizitengapo masenti 2. Kuchokera apo wakhala ukukwera n'kutsika, koma sudachoke. Masenti 2 amamveka ngati nthabwala mpaka utatsatira dola imodzi ulendo wake wonse. Membala akatumiza chopereka kwa ine, yadulidwa. Ine kulipira wokhoma bokosi, yadulidwa. Iye kukagula matabwa, yadulidwanso. Dola yomweyomweyo, ya maliro, yometedwa katatu dzuwa lisanalowe, ndipo idadulidwa kale pamalipiro. Zotsatira zake mukuziona nokha: anthu abwerera ku ndalama zam'manja, zomangirira pachitenje, zomwe inu simuziona ndipo akuba amaziona. Wotumiza kumudzi amalipiranso mtengo wa kampani yotumizira, pomwe maiko onse adagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama kwawo utsike pansi pa 3 peresenti. Ambiri aife timangopatsira kondakitala wa basi envulopu, n'kumapemphera.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, nkhani ya m'malire.

Kuchoka ku Harare kukafika ku Blantyre ndi makilomita ngati 600, kudzera ku Mutoko ndi ku Tete. Galimoto yabwino ikhoza kunyamuka m'mawa n'kukadya nsima yamadzulo ku Ndirande. Koma panjira pali zipata zinayi: Nyamapanda, Cuchamano, Zobue ndi Mwanza. Zipata zinayi, ndalama zamitundu itatu kapena inayi, ziyankhulo za maofesi ziwiri, ndipo pena paliponse katundu atha kutsitsidwa.

Ndikuuzeni za usiku wina pachipata china m'maulendo angawa. Sinditchula dzina lake kapena dziko lake, chifukwa sindikufuna kuti mnyamata mmodzi achotsedwe ntchito pa mlandu umene ndi wa dongosolo lonse. Tidafika dzuwa likupendeka. Katundu yense adatsitsidwa padenga ndi m'ngolo ya basi, matumba a mpunga uku, mitolo ya zitenje uko, usipa wanga ukununkhiza bwalo lonse. Nditafika pawindo ndidapereka malisiti a kumene ndidapikula. Bwana adawatembenuza, n'kunena kuti olemba pamanja sawakhulupirira, mtengo wa zitenje auika yekha. Mtengo umene adatchula unali wa m'sitolo ya m'tauni, osati wa kopikula. Ndidafunsa mwaulemu kuti buku la mitengo imeneyo lili kuti kuti nanenso ndilione. Adati lili mukompyuta. Ndidati chabwino, tiwerengere. Adati netiweki yagwa, tidikire.

Tidadikira. Mdima udagwa, udzudzu udayamba ntchito yake. Pafupi nane padali mtsikana wa mwana kumsana, ulendo wake woyamba, mpamba wake wonse wochokera ku banki m'khonde uli m'matumba awiri a nsawawa. Ankangowerenga ndalama zake mobwerezabwereza ngati kuti zichuluka. Tidayala zitenje pakhonde n'kugona moyang'anira katundu. Cha m'ma 11 koloko kondakitala adayamba kuzungulira ndi jumbo yakuda, akunong'ona kuti aliyense aponyemo kangachepe kuti basi iyende. Adaponya onse. Nanenso ndidaponya, sindinama, usipa sudikira netiweki. Pasanathe ola katundu adakwezedwa, palibe amene adalandira lisiti.

Olemekezeka, ndalama za m'jumbo ija sizidafike ku thumba la boma lililonse. Ife tidalipira, inu simudalandire. Ndikadapatsidwa mtengo wodziwika, wolembedwa pakhoma, ndikadalipira mosangalala n'kusunga lisiti langa m'sutikesi muja. Munthu sazemba chipata chifukwa chokonda minga ya m'tchire kapena ng'ona za mumtsinje. Amazemba chifukwa pochoka kunyumba sadziwa kuti pawindo akamuuza zingati.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake mudawapeza kale. Malawi ndi Zimbabwe adasainirana pangano la malonda mu 1995. Bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, COMESA, lidatsegula msika wopanda msonkho wa pachipata mu 2000, la maiko a kumwera kwa Africa, SADC, mu 2008. Kuyambira 2010 pali ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, yomwe imalola katundu wosapitirira mtengo woikika, wopangidwa kapena kulimidwa m'maiko athu ndiponso wopezeka pa mndandanda umene maiko awiri agwirizana, kudutsa ndi fomu yaifupi popanda msonkho wa kasitomu. Ndondomeko yabwino zedi. Koma funsani amayi khumi m'basi kuti pa mndandandawo pali chiyani, muone ngati atatu ayankhe. Ambiri amamva kuti "palibe msonkho", n'kukadzidzimuka pawindo kuti VAT ilipo, msonkho wongoyerekeza wa amalonda odutsa malire ulipo, ndipo mpunga ndi nsawawa zimafuna zilolezo za zaulimi zomwe thumba limodzi ndi lole yathunthu zimasakidwa mofanana. Kuonjezera apo Mozambique sili mu COMESA, ndiye pepala limene likulemekezedwa kumayambiriro ndi kumathero a ulendo limakhala mlendo pakati.

Kuti zimatheka tidaona. Chirundu idasanduka chipata choima kamodzi mu Disembala 2009, maofesala a Zambia ndi Zimbabwe kugwirira ntchito pamodzi. Mwami ndi Mchinji adatsatira mu Disembala 2022. Pamenepo tikuyamika, ndipo tikuyamika ndi mtima wonse. Atsogoleri a SADC atakumana kuno mu Ogasiti 2024 tidaona misewu yopita ku Mount Hampden, malo a msonkhanowo, ikusalazidwa usana ndi usiku. Tidati kani boma likafuna chinthu limachita msanga chonchi. Changu chomwecho chikadafikako pa msewu wa ku Tete.

Pali kenanso kamene kamatithyola msana: malamulo ogwa ngati mphezi. Mu Malichi 2025 Malawi idaletsa katundu wina wakunja, mu Epulo Tanzania idabwezera, ndipo patangopita masiku ochepa akuluakulu adakambirana chiletso cha Tanzania n'kuchotsedwa. Kwa inu idali nkhani ya masiku ochepa. Kwa mayi amene adali kale panjira ndi katundu wowola, udali mpamba wonse.

Ndisaiwale za mapepala. Mwana wanga wamwamuna ndi kalipentala ku Glen View kuno ku Harare, amapanga mabedi ndi makabati. Kuyambira 2022, kampani ikagula katundu wochuluka kwa munthu wopanda chiphaso chosonyeza kuti za msonkho wake zili bwino, imayenera kumugwirira 30 peresenti ya malipiro, pomwe kale inali 10. Phindu la bedi silifika pamenepo, ndiye oda yotere amangoikana. Mudzati akalembetse. Iye adayesa, ndipo zidatheka patapita nthawi chifukwa ali ndi chitupa komanso foni yabwino. Koma anzake ambiri a mtundu wathu alibe mwayi umenewo. Makolo awo adabadwira m'mafamu ndi m'migodi, zitupa zawo zidalembedwa kuti ndi alendo, ena sadalembetsedwe n'komwe. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adavomereza kuti wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala kuno, ndi nzika. Komabe pepala limabala pepala: wopanda kalata ya kubadwa sapeza chitupa, wopanda chitupa salowa mu TaRMS, njira ya pakompyuta yolembetsera msonkho kuno, ndipo amalangidwa ngati wozemba pomwe khomo lolowera ndi lotseka. Kwathu nako njira yotere, ya Msonkho Online, ndi yabwino kwa amene ali ndi kompyuta ndi Chingerezi. Malamulo omwewo a 2013 adaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka za Zimbabwe. Agogo a ku Mufakose adavina tsiku limenelo. Tikudikirabe kuona chiyankhulocho pa fomu ya msonkho.

Tsono zopempha zathu ndi izi, ndipo tikuzipereka ndi manja awiri.

1. Malipiro osadulidwa msonkho amangiriridwe ku mtengo wa zofunika pakhomo: ufa, lendi, mafuta ophikira, sopo, thiransipoti. Mitengo ikakwera kupitirira mlingo umene mungagwirizane, kapena ndalama ikatsitsidwa mphamvu monga zidachitikira mu Novembala 2023 ndi mu Sepitembala 2024, malirewo azikwera okha mwezi wotsatira, osadikira bajeti.

2. Chaka chilichonse, tsiku la bajeti, tulutsani tsamba limodzi losonyeza kuti wolandira malipiro otsikitsitsa ku Lilongwe, Harare, Lusaka, Maputo, Gaborone ndi Johannesburg, atadulidwa misonkho yonse, akugula makilogalamu angati a ufa ndi malita angati a mafuta. Tsamba limodzi lokha, m'ziyankhulo zathu, lowerengedwanso pawailesi. Aphungu azikangana ali nalo m'manja.

3. Pachipata chilichonse pakhomedwe chikwangwani chachikulu cha mndandanda wa katundu wa amalonda ang'onoang'ono, mitengo imene maofesala amayezera katundu, misonkho yonse imene munthu ayenera kulipira, ndi mtengo wosinthira ndalama wa tsiku limenelo. Zilembedwe m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chipwitikizi, ndipo zomwezo zizipezeka pafoni wamba ya mabatani munthu asananyamuke. Ofesala akakana lisiti la wamalonda, alembe chifukwa chake ndi dzina lake, ndipo pakhale wamkulu womva madandaulo pompo, tsiku lomwelo.

4. Netiweki ikagwa pakhale buku la malisiti a boma olemba pamanja, kuti anthu alipire n'kupita. Mayi wa mwana kumsana asamagone pakhonde chifukwa cha kompyuta.

5. Khalani pansi maboma atatu, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, mugwirizane pepala limodzi la wamalonda wamng'ono lochokera ku Mwanza mpaka ku Nyamapanda, katundu aonedwe kamodzi polowa ndi kamodzi potuluka. Zilolezo za thumba limodzi kapena awiri a mbewu zizipezeka pachipata pomwepo.

6. Msonkho wa potumiza ndalama uchotsedwe pa ndalama zing'onozing'ono za pabanja ndi za mabungwe a maliro, ndipo ngati suchoka, dola imodzi isametedwe kangapo tsiku limodzi. Maiko ena amene akuusirira msonkho umenewu ayambe afunsa ife amene taulawa.

7. Lamulo lililonse latsopano la msonkho kapena loletsa katundu lizilengezedwa masiku 30 lisanayambe kugwira ntchito, ndipo katundu amene ali kale panjira aziloledwa kufika.

8. A ofesi ya kazembe wa Malawi kuno, pamodzi ndi olembetsa nzika ndi a misonkho a Zimbabwe, azibwera m'makomboni ndi m'mafamu pa masiku odziwika kudzathandiza anthu athu kupeza zitupa ndi kulembetsa geni zawo ulendo umodzi, popanda kuwalipiritsa chindapusa cha zaka zimene khomo lidali lotseka.

Mwina zina mwa izi zili ndi zovuta zimene inu a m'maofesi mukuziona. Ngati ndi choncho tiyankheni poyera monga ife talembera poyera, mutiuze kuti chachitatu chitheka liti, chachisanu chikukanika pati. Ndipo musadalire malipoti okha, paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Tumani mmodzi wa inu avale wamba, asiye galimoto ya boma, akwere nafe basi ndi thumba limodzi la mpunga ndi lisiti lolemba pamanja, aone kuti akafika nalo ku Harare litadya zingati.

Kabungwe kathu kamakumana Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse tikaweruka ku mapemphero, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga. Mwezi wathawu tidakhala maola awiri tikukangana ngati chopereka chizikhala m'madola, mu ZiG kapena m'ndowa za chimanga, ndipo a tcheyamani adatseka msonkhano tisanamvane. Nkhaniyo ibweranso mwezi uno. Mukatuma munthu mpando ulipo, tiyi tidzaphika, ndipo sutikesi ija ndidzaitulutsa kunsi kwa bedi kuti awerenge yekha kuyambira tsamba la 2006.

Ndine wanu mwaulemu,

Mayi wa geni ndi msungichuma wa kabungwe ka maliro,
Highfield, Harare